Kusankha Chakudya cha Galu Amene Amavutika M'mimba

M'makomo ambiri a ku Mbare, Mufakose ndi Mabvuku mumzinda wa Harare, galu amadya makombo, ndiye kuti mkute wa nsima, msuzi wotsala m'poto ndi mafupa. Agalu ena amanenepa nazo zimenezi, koma alipo ena amene amasanza kawirikawiri, m'mimba mumangolira, ndipo m'mawa mumapeza pabwalo chimbudzi chamadzimadzi. Musanaimbe mlandu chakudya, mpatseni kaye galuyo mankhwala a njoka za m'mimba, omwe galu wamkulu amayenera kulandira miyezi 3 iliyonse, chifukwa ngati njokazo zilimo, ngakhale chakudya chodula sichingathandize.

Mukatero, yambani ndi chakudya chofewa. Wiritsani nyama ya nkhuku mutachotsa khungu ndi mafupa, osathira mchere kapena mafuta, ndipo muisakanize ndi mpunga woyera wophika mpaka kufewa, gawo limodzi la nyama pa magawo awiri a mpunga. Supuni imodzi kapena ziwiri za dzungu lowiritsa zimathandiza kuti chimbudzi chilimbe. M'malo momudzazira mbale kamodzi madzulo, mugawireni pang'onopang'ono katatu kapena kanayi patsiku. Chakudya chimenechi ndi cha masiku 2 kapena 3 okha, pakuti mulibe zonse zofunika m'thupi la galu.

Pogula chakudya cha m'thumba, werengani mndandanda wa zimene aikamo, ndipo sankhani chokhala ndi nyama ya mtundu umodzi ndi mafuta ochepa. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, chifukwa timasintha chakudya tsiku limodzi, galu n'kutsegula m'mimba, ife n'kunena kuti thumbalo ndi loipa. Kusinthako kutenge masiku 7 mpaka 10. Masiku awiri oyamba chatsopano chikhale gawo limodzi mwa magawo anayi, kenako theka, kenako magawo atatu, mpaka chakale chitatheratu. Ngati mukuganiza kuti nyama ya ng'ombe, nkhuku, mkaka kapena tirigu ndi zimene sizimuyanja, makamaka akamadzikandanso ndi kunyambita mapazi, pamafunika masabata 8 akudya mtundu umodzi wokha wa nyama yomwe sanaidyepo. Ana a pakhomo auzidwe zimenezi momveka bwino, chifukwa kachidutswa ka buledi koponyedwa pansi pa tebulo kamawononga ntchito yonse.

Msuzi wathu wa ndiwo suyenera galu, popeza anyezi ndi adyo amawononga magazi ake, ndipo nyama yonona ingathe kutupitsa kapamba. Mkaka umatsegula m'mimba agalu ambiri akuluakulu, mafupa ophika amasweka n'kulasa matumbo, pomwe chokoleti ndi mphesa ndi poizoni weniweni. Kapenta wa ku Kariba amaumitsidwa ndi mchere wambiri, choncho munyikeni kaye m'madzi. Ufa kapena chakudya cha m'thumba chimene chachita nkhungu nthawi ya mvula chitayeni ndithu, chifukwa nkhunguyo imawononga chiwindi, ndipo nyama imene yasungunuka mufiriji magetsi atathima tsiku lonse m'kutentha kwa Okutobala musamupatse.

Galu akatulutsa magazi, akakana madzi, nkhama zake zikayera, kapena kusanzako kukapitirira tsiku limodzi, pitani naye kwa dokotala wa ziweto kapena ku SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza. Mwana wa galu wosabayitsa katemera akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba, musamusunge pakhomo mpaka mawa, chifukwa matenda a parvovirus amayambanso ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo amapha m'masiku ochepa.