Mmene mungadziwire ngati RAM yachepadi pa seva ya Linux

Seva ikayamba kuchedwa kuyankha, anthu ambiri amathamangira kulemba lamulo la `free -h`, ndipo akaona kuti pansi pa mawu akuti free patsala mamegabaiti ochepa chabe, amaganiza kuti RAM, malo amene kompyuta imasungiramo zinthu zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo, yatha. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Linux siisiya RAM ili yopanda ntchito, koma imasungiramo mafayilo amene yawerenga posachedwa pa disiki, ndipo pulogalamu ikafuna malo, kernel, yomwe ndi mtima wa Linux woyang'anira RAM ndi zipangizo zina, imawabweza mwamsanga. Nambala yofunika ndi imene ili pansi pa available, yomwe imachokera ku MemAvailable mu `/proc/meminfo`, ndipo inayamba kupezeka mu kernel 3.14 m'chaka cha 2014. Nambala imeneyi ikatsika n'kukhala pansi kwa nthawi yaitali, mpamene muyenera kuyamba kuda nkhawa.

Kenako lembani `vmstat 1` ndipo muyang'anitsitse si ndi so, zomwe zimaonetsa zimene zikulowa mu RAM kuchokera ku swap (malo a pa disiki amene Linux imasungirako zinthu zochokera mu RAM) ndi zimene zikutulutsidwa kupita kumeneko. Mzere woyamba musauwerengere, chifukwa umangopereka avereji kuyambira pamene seva inayatsidwa. Swap ikhoza kukhala ndi zinthu zambiri popanda vuto lililonse ngati si ndi so zili pa ziro. Koma zikamasinthasintha sekondi iliyonse, disiki ili pikitipikiti, ndiye kuti seva ikuthera nthawi yake kusuntha zinthu m'malo mogwira ntchito. Pa kernel 4.20 kapena yatsopano kuposa pamenepo, fayilo ya `/proc/pressure/memory` imanena mwachindunji gawo la nthawi imene mapulogalamu anaima kudikira RAM pa masekondi 10, 60 ndi 300 apitawa. Nambala za pa mzere wa full, umene umaonetsa nthawi imene mapulogalamu onse ofuna kugwira ntchito anaima nthawi imodzi, zikamakwera, zinthu zafika poipa.

Pulogalamu ikangofa yokha usiku popanda uthenga uliwonse, musaiyatsenso musanawerenge `journalctl -k` kapena `dmesg -T`. Fufuzanimo mawu akuti "Out of memory" ndi "Killed process". Amenewa ndi mapazi a OOM killer, mbali ya kernel imene imapha pulogalamu pofuna kupulumutsa seva yonse. Dziwani kuti yophedwayo si nthawi zonse imakhala yolakwa, chifukwa kawirikawiri kernel imasankha imene yatenga malo ambiri, ndipo MySQL, pulogalamu yosungira deta, imafera zolakwa za ena kambirimbiri. Mu Docker, momwe mapulogalamu amayendera m'timabokosi totchedwa container, container imene yatuluka ndi nambala 137 inaphedwa ndi SIGKILL, lamulo lopha pulogalamu nthawi yomweyo, ndipo zimenezi zimatha kuchitika seva ili ndi RAM yambiri, ngati container yapyola malire amene inapatsidwa.

Kuti mupeze imene ikudya RAM, lembani `ps aux --sort=-rss | head` ndipo mudalire RSS, yomwe ndi RAM imene pulogalamu yatengadi, osati VSZ, yomwe imawerengera ndi malo amene sali mu RAM. Apa mpofunika kuchita masamu. Tiyerekeze kuti seva ili ndi 4 GB, ndipo mu PHP-FPM, pulogalamu yoyendetsa mawebusaiti olembedwa mu PHP, `pm.max_children`, yomwe ndi malire a ma process (makope a pulogalamuyo) oyenda nthawi imodzi, yaikidwa pa 50. Process iliyonse ikamatenga 80 MB, anthu akachuluka pa webusaiti PHP yokha idzafuna 4,000 MB, osasiyako kanthu ka MySQL. Mankhwala ake apa ndi kutsitsa nambalayo, ndipo ine ndimalangiza kuyamba ndi zimenezi musanalipire RAM yowonjezera. Koma RSS ya pulogalamu imodzi ikamakwera tsiku ndi tsiku osatsikanso ngakhale usiku pamene ntchito yachepa, pulogalamuyo ikutenga malo osawabweza. Lembani nambalayo ola lililonse kwa masiku angapo kuti mukhale ndi umboni wokaonetsa amene anailemba.

Mapulogalamu onse akaoneka ang'onoang'ono koma RAM ili yodzaza, onani `df -h /dev/shm` ndi `slabtop`, popeza mafayilo a mu tmpfs (amene amasungidwa mu RAM, monga a mu `/dev/shm`) ndi zimene kernel yadzisungira sizioneka bwino pa `ps`.