Momwe mungayezere mphamvu ya tugboat isanapatsidwe sitima yoti ikoke

Sitima zimene zimatsitsa mafuta ndi feteleza wathu ku Beira ndi ku Nacala sizikocheza zokha. Zimakokedwa ndi kukankhidwa ndi tisitima tamphamvu totchedwa tugboat. Mwini tugboat angakuuzeni kukula kwa injini, koma oyang'anira doko amafunsa nambala ina, ya bollard pull: matani amene imakoka itamangiriridwa ku chitsulo cha pamtunda. Zambiri za m'madoko zimakoka matani 50 mpaka 80.

Yambani ndi malo, chifukwa zolakwika zambiri zimachokera apa. Madzi akhale akuya mamita 20 ngati n'kotheka, asathamange kuposa theka la mita pa sekondi, mphepo nayo isapitirire mamita 5 pa sekondi. Chingwe chikhale chachitali, pafupifupi mamita 300. Chikafupika, madzi amene mapropela akukankha amakamenya khoma la doko n'kubwerera, ndiye nambala imasokonekera. Madzi osaya amachitanso chimodzimodzi.

Kenako lumikizani sikelo yamagetsi, load cell, pakati pa chingwe ndi chitsulocho. Onani kaye chikalata chosonyeza kuti sikeloyo inayesedwa posachedwa. Pakhalenso woyendera wochokera ku bungwe loyendera sitima ngati Lloyd's Register, DNV kapena Bureau Veritas, poti popanda siginecha yake satifiketi ya bollard pull ndi pepala chabe. Anthu onse achoke pafupi ndi chingwe. Chingwe cha matani 60 chikaduka sichichenjeza.

Tsopano kaputeni awonjezere moto pang'onopang'ono mpaka injini zifike pa mphamvu yake yonse, tugboat italunjika bwino ndi chingwe. Poyamba sikelo imalumpha n'kuonetsa nambala yaikulu yosangalatsa. Imeneyo isakunyengeni. Dikirani ikhazikike, mulembe zimene ikuonetsa kwa mphindi 10, kenako mupeze avereji. Sikelo ikawerenga mu kN (ma kilonewton, muyeso wa mphamvu yokoka), gawani ndi 9.81 kuti mupeze matani. Bwerezaninso tugboat ikukoka chobwerera m'mbuyo, nambalayo imatsika pang'ono.

Kuperekeza sitima ikuyenda ndi nkhani ina. Sitima yamafuta ya Exxon Valdez itagunda miyala ku Alaska mu 1989, dziko la America linakhazikitsa lamulo mu 1990 lomwe linakakamiza kuti sitima zamafuta za m'dera limenelo ziziperekezedwa. Apa tugboat imakhala kumbuyo, ndipo ikafuna kukhotetsa kapena kuimitsa sitimayo imadzipingasa, madzi n'kumaguguda m'nthiti mwake. Mphamvu yake ikhoza kupitirira bollard pull. Ndiye muyeso uwu chitirani panyanja, pa liwiro la ma knot 8 mpaka 10 (pafupifupi makilomita 15 mpaka 19 pa ola), muzilemba mphamvu ya pachingwe, mbali imene chingwe chaloza ndi mmene tugboat yapendekera. Ikapendekeka mpaka madzi kuyamba kukwera pa deki, kaputeni abweze moto nthawi yomweyo, ndipo woyendetsa winchi, makina okulunga chingwe, akhale atagwira kale chomasulira chingwe.