Kudya M'malesitilanti ndi Ana Odwala Celiac pa Tchuthi cha Mumzinda

Makolo amene ali ndi mwana wodwala matenda a celiac amaidziwa bwino khitchini ya pakhomo pawo, chifukwa amadziwa poto amene saphikiramo pasta, mpeni umene sudulira buledi ndiponso shelefu imene pamakhala zakudya za mwanayo zokha. Nkhawa imabwera banja likakonza zopita kutchuthi mumzinda waukulu, kumene chakudya cha m'mawa, cha masana ndi cha madzulo chimakonzedwa ndi anthu achilendo m'khitchini imene kholo silingalowemo. Ulendo woterewu ndi wotheka ndithu, ndipo ana angasangalale nawo ngati anzawo onse, koma m'pofunika kumvetsa kuti chimene chimateteza mwana si mawu olembedwa pamenyu ayi, koma kagwiridwe ka ntchito ka wophika. Choncho ntchito yaikulu ya kholo ndi kudziwa zimene zimachitika m'khitchinimo mbale isanafike patebulo.

Kukhwimitsa zinthu chonchi kuli ndi chifukwa chake. Mwana wa celiac akadya gluten, puloteni imene imapezeka mu tirigu, balere ndi rye, chitetezo cha m'thupi mwake chimaukira matumbo ake aang'ono n'kuwononga timinofu timene timayamwa chakudya, ndipo zotsatira zake zingakhale kutsegula m'mimba, kuchepa kwa magazi ndi kupinimbira. Matendawa amagwira pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse. Dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, ndiye anasonyeza kuti gwero la vutoli ndi tirigu, ataona kuti ana odwala matendawa anayamba kupeza bwino pa njala ya mu 1944 ndi 1945 pamene buledi anasowa, ndipo anadwalanso buledi atayambanso kupezeka. Kuyambira nthawi imeneyo mpaka lero mankhwala ake ndi amodzi okha, omwe ndi kusadya gluten moyo wonse. Muyezo wa Codex Alimentarius, umene mayiko ambiri amatsatira, umalola chakudya kutchedwa chopanda gluten pokhapokha ngati gluten yake sikupitirira mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi, zomwe zikutanthauza kuti nyenyeswa zochepa za buledi zotsalira pathabwa lodulirapo zingathe kuipitsa mbale yonse. Moto nawonso suthandiza, pakuti gluten si kachilombo koti kangafe ndi mafuta owira kapena uvuni wotentha.

Ntchito yambiri ichitike musananyamuke. Yambani ndi kufufuza bungwe la odwala celiac la m'dziko limene mukupita, chifukwa mabungwe ambiri otere amaphunzitsa ogwira ntchito m'malesitilanti ndipo amasunga mndandanda wa malo amene anawayendera. Ku Italy kuli Associazione Italiana Celiachia, imene ili ndi pulogalamu yotchedwa Alimentazione Fuori Casa, ndipo n'chifukwa chake dziko lotchuka ndi pasta ndi pizza lili m'gulu la malo osavuta kuyendako ndi mwana wa celiac. Ku Britain kuli Coeliac UK, pamene ku Spain kuli FACE. Mapulogalamu a pafoni monga Find Me Gluten Free amathandizanso, koma muziwerenga ndemanga zake mosamala, chifukwa ambiri olemba ndemangazo amangopewa gluten mwa kufuna kwawo ndipo sangazindikire ngati chakudya chakhudzana ndi ufa wa tirigu. Ndemanga yoyenera kuikhulupirira ndi ya munthu amene wanena kuti ali ndi celiac ndipo wafotokoza mmene khitchiniyo imasiyanitsira ziwiya.

Mukapeza malo odalirika, aikeni pamapu a mufoni yanu n'kukonza maulendo a tsiku lililonse mowazungulira, kuti nthawi ya chakudya cha masana ikukwanireni muli pafupi ndi lesitilanti imene mwaifufuza kale, osati pakhomo la nyumba yosungiramo zinthu zakale imene muli masangweji okhaokha. Pa nkhani ya malo ogona, ine ndimaona kuti chipinda chokhala ndi kakhitchini ndi firiji chimaposa hotela yapamwamba, chifukwa mukatha kukonza nokha chakudya cha m'mawa ndi china chimodzi, ndiye kuti tsiku lonse mwangotsala ndi chakudya chimodzi chodalira anthu ena. Ziwiya za m'nyumba zobwereka muzitsuke bwino musanazigwiritse ntchito, ndipo tosita, sefa ya pasta ndi zipande zamtengo musazikhudze n'komwe, popeza zimasunga nyenyeswa ndi ufa m'ming'alu.

Ngati mukupita kumene simudziwa chilankhulo chake, sindikizani kakhadi kofotokoza matendawa m'chilankhulo cha kumeneko, ndipo mukhale ndi makadi angapo chifukwa ena amapita kukhitchini osabwererako. Kakhadi kabwino sikamangotchula mbewu zoletsedwa, koma kamanenanso kuti chakudya chiphikidwe m'poto woyera, m'mafuta amene sanakazingiremo chinthu china ndiponso ndi manja osamba. Phunziraninso mawu olembedwa pamapaketi: senza glutine ku Italy, sin gluten ku Spain, sans gluten ku France, glutenfrei ku Germany, komanso Sin TACC ku Argentina. Chizindikiro cha ngala ya tirigu yodulidwa ndi mzere, chimene mabungwe a celiac a ku Ulaya amapereka kwa makampani amene awayesa, chimamveka popanda womasulira. Ngati mukuyenda pandege, itanitsani chakudya chopanda gluten, chimene makampani a ndege amachitcha GFML, kudakali masiku angapo, komabe tengani kamba wokwanira ulendo wonse, chifukwa chakudya chapaderachi nthawi zina sichikwezedwa. Dziwaninso kuti mayiko ena, monga Australia ndi New Zealand, amakhwimitsa kwambiri malamulo olowetsa zipatso, nyama ndi zamkaka, choncho zakudya zouma za m'mapaketi osatsegula ndizo sizivuta pamalire.

Tsopano tifike palesitilanti penipeni. Imbani foni kapena lembani uthenga kudakali tsiku limodzi, ndipo pitani kukadya anthu asanachuluke, chifukwa wophika amene ali ndi maoda ambirimbiri sangakhale ndi mpata wotsuka chiwaya cha mwana wanu, ngakhale atakhala wa mtima wabwino chotani. Mukakhala pansi, nenani za matendawa musanayambe kusankha zakudya, ndipo nenani mwaulemu koma mosapita m'mbali: "Pepani bambo, mwana wathuyu ali ndi matenda a celiac, ndipo ngakhale kanyenyeswa ka tirigu kamamudwalitsa. Kodi tingalankhule ndi amene akuphika kapena woyang'anira?" Musafunse kuti, "Kodi muli ndi zakudya zopanda gluten?" chifukwa funso limeneli pafupifupi aliyense amaliyankha kuti inde. Funsani mafunso amene munthu sangawayankhe popanda kudziwa mmene khitchini ikuyendera.

Tchipisi ndi chitsanzo chabwino, chifukwa ndicho chakudya chimene ana ambiri amathamangira. Mbatata payokha ilibe gluten, koma m'makhitchini ambiri muli chiwaya chimodzi cha mafuta chimene tsiku lonse amakazingiramo nsomba zoviika mu ufa, nkhuku zokutidwa ndi nyenyeswa za buledi ndi anyezi wopaka fulawa, ndipo tizidutswa ta zonsezi timayandama m'mafutamo n'kumamatira kutchipisi. Choncho funsani kuti, "Kodi m'mafuta a tchipisi mumakazingiramonso chiyani?" Pasta wopanda gluten amaipa akawiritsidwa m'madzi amene mwadutsa pasta wamba kapena akatsanulidwa m'sefa yomweyo. Pizza yopanda gluten imafunika tebulo lake, thireyi yake ndi chodulira chake, chifukwa pamalo opangira pizza ufa umakhala paliponse. Nyama yowotcha imaoneka yosakayikitsa, koma funsani ngati pachitsulo chowotcherapo amatenthetserapo mabanzi, komanso ngati nyamayo anainyika mu soy sauce, amene nthawi zambiri amapangidwa ndi tirigu. Msuzi ndi supu kawirikawiri amazilimbitsa ndi fulawa, masoseji ambiri amawasakaniza ndi nyenyeswa za buledi, ndipo chimera cha balere chimabisala m'zakumwa zina za chokoleti ndi m'zakudya zam'mawa za m'mabokosi.

Mvetserani bwino mmene akuyankhira. Woperekera zakudya amene wanena kuti sakudziwa ndipo akafunsa kukhitchini ndi wodalirika kuposa amene akuvomera chilichonse mofulumira akumwetulira. Mukamva mawu monga akuti muli ufa pang'ono chabe, kapena akuti buledi angomuchotsa pamwamba, dziwani kuti malowo sakuwamvetsa matendawa, ndipo palibe cholakwika kuthokoza, kulipira zakumwa n'kutuluka. Apa ndi pamene kamba wa m'chikwama amagwira ntchito yaikulu, chifukwa kholo limene mwana wake akulira ndi njala limagonja msanga n'kuvomera chakudya chokayikitsa, pamene kholo lokhala ndi nthochi, mazira owiritsa, yogati ndi mabisiketi opanda gluten limatha kuganiza modekha n'kuyenda mtunda wina.

Malamulo amathandiza, koma ali ndi malire. M'mayiko a European Union, kuyambira mu Disembala 2014, malo odyera amakakamizidwa kuuza makasitomala ngati chakudya chili ndi chimodzi mwa zinthu 14 zimene zimadwalitsa anthu ena, ndipo mbewu zokhala ndi gluten zili pamndandandawo. Lamuloli limanena za zimene zaikidwa dala m'chakudya, ndipo silikutsimikizirani kuti supuni sinachoke m'mphika wina. Ku United States lamulo la zolemba pamapaketi limakakamiza kutchula tirigu koma osati balere kapena rye, choncho paketi yosatchula tirigu ingakhalebe ndi gluten. Oats nawo muziwagula pokhapokha atalembedwa kuti alibe gluten, popeza kawirikawiri amasakanikirana ndi tirigu kumunda ndi kuchigayo.

Ubwino wa mzinda waukulu ndi wakuti muli malesitilanti a mitundu yambiri ya anthu, ndipo kaphikidwe kodalira mpunga, chimanga, mbatata kapena chinangwa kamapereka mwayi wochuluka, ngakhale kuti kalikonse kali ndi msampha wake. Ma tortilla a chimanga a ku Mexico ndi abwino ngati sanawasakanize ndi fulawa kapena kuwatenthetsa pamodzi ndi a tirigu. Dosa ya kum'mwera kwa India amaipanga ndi mpunga ndi nyemba, koma chokometsera chotchedwa hing nthawi zambiri chimakhala chosakaniza ndi ufa wa tirigu. Ma galette, zikondamoyo za ku Brittany m'dziko la France, amapangidwa ndi buckwheat, mbewu imene ilibe gluten, koma ena amawaphika pachitsulo chimodzi ndi zikondamoyo za tirigu. Soba wa ku Japan, amene amafanana ndi pasta, amakhala ndi tirigu kawirikawiri, pamene couscous, bulgur, semolina ndi spelt zonse ndi tirigu ngakhale mayina ake sakusonyeza zimenezo. Ngati mumzindawo muli lesitilanti kapena bekale yosalowetsa gluten m'pang'ono pomwe, pitaniko ngakhale kutakhala kutali, chifukwa mwana amene anazolowera kumva kuti "ichi ayi" amafunika tsiku lina kumva kuti angasankhe chilichonse chimene akuchiona m'galasimo.

Malo odzitengera wekha chakudya, makamaka cham'mawa cha kuhotela, ndi ovuta kwambiri. Chopanira chimodzi chimayenda kuchoka pamabanzi kupita patchizi, mpeni wa buledi umalowa m'batala, ndipo nyenyeswa zimagwera m'mbale ya mazira. Fikani akangotsegula, kapena pemphani kuti mbale ya mwanayo ikonzedwe kukhitchini, ndipo sankhani zinthu zotsekedwa monga yogati wa m'kachitini, zipatso zosasenda ndi mazira a m'zikamba zake. Pogula ayisikilimu pemphani kakapu m'malo mwa koni, supuni yotsuka ndiponso kuti atape pamalo amene sanakhudzidwe, chifukwa supuni yomweyo imakhala italowa mu ayisikilimu wa mabisiketi.

Patebulo panu pomwe pamafunikanso diso. Pukutani tebulo ndi mpando wa mwana, sambitsani ana m'manja, ndipo dengu la buledi likhale kutali ndi mbale ya wodwalayo kapena libwezedwe. Abale ake asamwere naye kapu imodzi kapena kutola chakudya m'mbale mwake ndi foloko yawo. Mbale ikafika, funsaninso ngati ndi yomwe ija yopanda gluten mwana asanalawe, pakuti amene wabweretsa chakudya nthawi zambiri si amene analandira oda. Zonsezi zichitike mwakachetechete, mosachititsa mwana manyazi pamaso pa anthu. Ndi bwinonso kuti mwana wosinkhukirapo azipereka yekha kakhadi kaja ndi kufunsa funso limodzi kapena awiri inu mukumva, chifukwa zaka zikubwerazo adzayenda ndi anzake a kusukulu popanda inu.

Ngakhale mutasamala chotani, ngozi ikhoza kuchitika. Ana ena amasanza kapena kumva kupweteka m'mimba patangopita maola ochepa, ena amangofooka ndi kukwiyakwiya tsiku lotsatira, ndipo ena saonetsa chizindikiro chilichonse ngakhale matumbo akhudzidwa, choncho kusadwala kwa mwana si umboni wakuti lesitilantiyo ndi yodalirika. Palibe piritsi limene limachotsa gluten m'thupi, ndipo mapiritsi ogulitsidwa ndi lonjezo limenelo asakupatseni chilolezo chotayirira. Mpatseni mwanayo madzi pafupipafupi, ndi ORS ngati akutsegula m'mimba kapena kusanza, mpumuzeni, ndipo sinthani pulogalamu ya tsiku limenelo kuti mukhale pafupi ndi chipinda chanu. Akamasanza mosalekeza, akasiya kukodza, akauma milomo kapena akalefuka kwambiri, pitani naye kuchipatala mwamsanga. N'chifukwa chake muyenera kunyamuka muli ndi kalata ya dokotala wake, inshuwalansi ya paulendo imene munaiuza za matendawa, ndiponso dzina ndi adiresi ya chipatala cha ana chimene chili pafupi ndi kumene mukagone.