Opita kukaphunzira ku Cuba kapena Spain, yambirani Chisipanishi konkuno

Achinyamata a kuno ku Ntcheu amene mwapeza mwayi wa maphunziro ku Cuba kapena ku Spain, musadikire kukwera ndege kuti muyambe Chisipanishi. Ku ELAM, sukulu ya udokotala ya ku Havana yomwe idatsegulidwa mu 1999, amaphunzitsa m'Chisipanishi, ndipo wofika asakudziwa kanthu amavutika ngakhale pogula buledi.

Ife tili ndi poyambira pabwino. Mavawelo awo ndi asanu okha ngati athuwa, a, e, i, o, u, choncho muziwerenga mokweza tsiku lililonse. Pomwe timagwa ndi pa l ndi r. Kwathu kuno timazisinthanitsa osalakwa kanthu, koma kumeneko pero ndi "koma", pelo ndi "tsitsi". Dzijambuleni pafoni mukulankhula, mudzimvetsere, mubwereze mpaka lilime lizolowere. Apa musachite ulesi ayi.

Ngati mudatolako Chipwitikizi pochita malonda ndi anzathu a ku Mozambique pa Lizulu kapena Tsangano, chikuthandizani kumva msanga, kungoti polemba mayeso musasakanize ziwirizi.

Aphunzitsi ndi akuluakulu muziwayankhula ndi usted, monga timanenera "inu", kufikira atakuuzani okha kuti muzinena tú, amene ali ngati "iwe" wathu.