Magalagadeya a mu ndowa

Anzanga a lendi ku Area 25 ndi ku Kawale, pakhomo pothira simenti sipakukanizani kudya magalagadeya. Pezani ndowa ya malita 20 kapena yoposa apo, muiboole pansi malo angapo. Mizu yake imadana ndi madzi odikha, ndiye sakanizani dothi ndi mchenga komanso manyowa owola bwino. A nkhuku aawisi ayi, amawotcha.

Mtundu musankhe poona komwe muli. Ofiirira amakonda kozizira ngati ku Dedza, achikasu amapirira kutentha kwa ku Salima. Lilongwe ali pakatikati, onse awiri amatheka, koma achikasu amafuna mbewu ziwiri kuti mungu uziyenda. Njuchi zazikulu zakuda zija zikamasowa, tengani nthenga masana maluwa atatseguka, muchotse mungu pa duwa la mbewu ina n'kupaka pa duwa la mbewu inzake.

Mu Okutobala ndowa yakuda imatentha kwambiri. Ikulungeni ndi thumba, muzithirira m'mawa ndi madzulo. Mu Juni chepetsani madzi, mbewu imakula mochedwa nthawi imeneyo.

Mangani waya pa mpanda msanga, apo ayi idzayanga pa chingwe choyanikira zovala cha aneba.