Momwe mungakonzere ulendo wokagona pa sitima ku Ha Long Bay

Mukaitembenuza ndalama yapepala ya 200,000 dong ya ku Vietnam muona chimwala chitaima chokha pakati pa madzi. Kumeneko ndi ku Ha Long Bay, m'chigawo cha Quang Ninh kumpoto kwa dzikolo, komwe zilumba za miyala ya laimu pafupifupi 1,969 zimatumphuka m'nyanja yamchere, zambiri zili njo ngati zipilala, pamwamba pake pali tchire. Dzina lakuti Ha Long limatanthauza malo amene chinjoka chinatsikira, ndipo bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1994. Alipo amene amangopitako m'mawa n'kubwerako madzulo. Koma wofuna kuwaona bwino amagona pa sitima, ndipo apa ndi pomwe anthu amaluzira ndalama posankha potengera zithunzi zokha.

1. Yambani ndi mwezi

Miyezi yabwino ndi Okutobala mpaka Disembala, komanso Malichi ndi Epulo. Mu Januwale ndi Febuluwale kumazizira, ndipo chifunga chimatha kuphimba zilumba tsiku lonse. Kuyambira Juni mpaka Sepitembala kumatentha, mitengo imatsikako, koma ndi nyengo ya anamondwe. Mu Sepitembala 2024 namondwe wotchedwa Yagi anamiza mabwato ambiri ali padoko m'derali. Akuluakulu oyang'anira doko akaona kuti nyengo siili bwino amaletsa sitima zonse kunyamuka, nthawi zina m'mawa wa tsiku lomwelo. Choncho musaike ulendowu kumapeto kwenikweni kwa masiku anu ku Vietnam. Siyani tsiku limodzi kapena awiri oti mukhoza kusunthira.

2. Viza ndi njira

Kuyambira mu Ogasiti 2023 dziko la Vietnam limapereka viza ya pa intaneti kwa nzika za mayiko onse, ya masiku osaposa 90, pa mtengo wa madola 25 ngati mukulowa kamodzi. Funsirani pa tsamba la boma lenilenilo. Ndege mutsikire ku Noi Bai, bwalo la mzinda wa Hanoi, mugone konko. Kuchoka ku Hanoi kukafika kudoko ndi maola awiri ndi theka pa msewu waukulu umene unamalizidwa mu 2018. Makampani ambiri a sitima amakutengani pa hotela ndi minibasi yawo cha m'ma 8 koloko m'mawa, koma funsani ngati ili mumtengo, chifukwa kawirikawiri imalipiridwa padera.

3. Sankhani dera musanasankhe sitima

Apa ndiye pagona nkhani. Otsatsa amangoti "Ha Long", koma madera ndi atatu, ndipo sitima iliyonse ili ndi njira yake yovomerezeka imene singaisinthe chifukwa cha inu.

Pakati penipeni pa Ha Long ndi pomwe pali malo otchuka. Pali phanga la Sung Sot pa chilumba cha Bo Hon, lalikulu moti mkati mumayenda ngati muli m'tchalitchi chachikulu, ndiponso chilumba cha Ti Top, chomwe chinatenga dzina la Gherman Titov, mmodzi mwa anthu oyamba a ku Soviet Union kupita kumlengalenga, amene anafikapo ndi Ho Chi Minh, mtsogoleri wa North Vietnam pa nthawiyo, mu 1962. Kukwera pamwamba pake ndi masitepe pafupifupi 400, ndipo zimene mumaona mukafika zimaiwalitsa kuwawa kwa mawondo. Vuto ndi khamu. Sitima zambiri zimafika nthawi imodzi, mumakwera masitepewo mutandondozana ngati pa chigayo, ndipo usiku mumaima pamalo amodzi ndi sitima zina zambirimbiri, nyimbo za oyandikana nawo zikumveka pamadzi.

Bai Tu Long ili kumpoto chakum'mawa. Miyala ndi yomweyo, koma sitima ndi zochepa. Kumeneko kuli phanga laling'ono la Thien Canh Son ndi mudzi wa asodzi wa Vung Vieng, womwe nyumba zake zimayandama. Lan Ha ili kumwera, pafupi ndi chilumba chachikulu cha Cat Ba, m'dera la Hai Phong. Sitima zambiri zatsopano zamtengo wapatali zimalowera kumeneko, ndipo ndi kwabwino kusambira ndi kupalasa timabwato ta kayaki kudutsa pansi pa mapanga. Kwa ine, munthu amene walipira ndalama zambiri akugula bata, ndiye ndingasankhe Lan Ha kapena Bai Tu Long. Koma ngati mtima wanu uli pa Sung Sot, onetsetsani kuti dzinalo lalembedwa pa ndondomeko ya ulendo, chifukwa sitima za ku Lan Ha sizifikako.

4. Usiku umodzi kapena awiri

Werengani maola. Ulendo umene amautcha wa masiku awiri ndi usiku umodzi mumakwera cha m'ma 12 koloko masana, mawa lake chipinda mumatuluka cha m'ma 9 koloko m'mawa, isanakwane 12 muli kale pamtunda. Sakwana n'komwe maola 24. Wa mausiku awiri uli ndi tsiku lathunthu pakati, pomwe amakusamutsirani m'bwato laling'ono n'kukulowetsani m'makona momwe sitima yaikulu singafike, kapena kukapalasa njinga kumudzi wa Viet Hai pa Cat Ba. Munthu wochokera kutali ngati kuno kwathu, atawononga kale ndalama ya ndege, asaumire pa usiku wachiwiriwo.

5. Ifunseni mafunso sitimayo

Nyenyezi zisanu zimene makampani amadzilemba musazikhulupirire kwambiri. Funsani chaka chimene sitimayo inapangidwa, ngati ndi yachitsulo kapena yamatabwa, ndi kuchuluka kwa zipinda. Ya zipinda 20 ndi ina, ya zipinda 60 ndi inanso pa nthawi ya chakudya ndi pokwera timabwato. Chipinda chikhale ndi khonde lakelake, chikhale chapamwamba komanso kutali ndi injini, apo ayi jenereta ikusowetsani tulo. Funsaninso zomwe zili mumtengo. Chakudya chimakhalamo, zakumwa nthawi zambiri ayi, ngakhale madzi a patebulo. Ngati simudya nkhanu ndi zina za m'nyanja, nenani polipira pomwe, chifukwa ndiwo zake zambiri ndi zimenezo. Chomaliza, akulembereni zimene amachita doko likatsekedwa, ngati amabweza ndalama zonse kapena amangosintha tsiku.

6. Chikwama chikhale chaching'ono

Sutikesi yaikulu isiyeni ku hotela ku Hanoi. Tengani pasipoti, chifukwa amalemba aliyense wogona pamadzi, nsapato zosaterera za m'mapanga, zovala zosambira, juzi ya usiku ndi ndalama zapamanja za dong. Mabotolo ndi majumbo apulasitiki otaya mukagwiritsa ntchito kamodzi analetsedwa m'derali kuyambira mu 2019. Za mseru musade nazo nkhawa kwambiri. Amene anakumanapo ndi mwera ali pa Ilala apeza kuti kuno madzi ndi ofatsa, popeza zilumba zimatchinga mafunde.

7. Mukakwera

Musanatsegule khonde n'kuyamba kujambula, pezani pomwe pali majekete oyandamitsa, kanyundo koswera zenera ndi khomo lothawira. Mu Febuluwale 2011 sitima ina yamatabwa inamira m'bandakucha pafupi ndi Ti Top anthu ali mtulo, ndipo 12 anamwalira.

Ndondomeko yake imakhala yothinana: nkhomaliro, phanga, kayaki, kuphunzira kukulunga timasamusa tawo totchedwa nem, kenako usiku kuwedza squid, kanyama ka m'nyanja ka miyendo yambiri, ndi nyali kumbuyo kwa sitima, ngakhale ambiri amabwerako chimanjamanja. Palibe amene akukakamizeni kuchita zonse. Chimodzi chokha musachiphonye: tcherani alamu isanakwane 6 koloko, mukwere padenga ndi kapu ya khofi. Nthawi imeneyo injini zili zii, ena akuchita masewera olimbitsa thupi a pang'onopang'ono otchedwa tai chi pakona, ndipo zilumba zimatuluka m'chifunga chimodzichimodzi, zapafupi zakuda bii, zakutali zotuwa, pansi pake kabwato ka msodzi kakudutsa.