Kompyuta nayonso imafuna kupatulira

Mwezi wathawu mlembi wa kalabu ina ya alimi a soya ku Santhe anabwera ndi laputopu ya kalabuyo ataikulunga m'chitenje. "Alangizi, iyi yatha basi. Mutithandize kulemba kalata yopempha ina." Ndinaiyatsa, n'kupita kukatunga madzi akumwa, pobwera n'kupeza isanamalize kuyaka, fani ikulira ngati chigayo cha kutali. Itayaka, timawindo tinayamba kutumphuka. Kena kakuti antivayirasi, pulogalamu yoteteza kompyuta ku mavayirasi, yatha nthawi, lipirani. Kena kakuti madalaivala, timapulogalamu toyendetsa zida za m'kompyuta, ndi akale. Kachitatu kakulonjeza kuyeretsa kompyuta. Chonsecho laputopuyi ntchito yake ndi imodzi, kusunga mu Excel mayina a mamembala ndi makilogalamu amene aliyense wabweretsa.

Makinawo anali abwinobwino. Anangodzaza ndi mapulogalamu amene palibe anawapempha, omwe pa Chingerezi amati bloatware.

Ife a ku Kasungu kaufiti timamudziwa. Mukamaona timaluwa take tofiira m'munda, dziwani kuti anayamba kalekale kuyamwa mizu ya chimanga pansi pa nthaka. Mapulogalamu amenewa khalidwe lawo ndi lomwelo. Simuwatsegula, koma amadziyatsa okha kompyuta ikamayaka, n'kumadya RAM (malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwira pa nthawiyo), batire ndi bandulo. Laputopu zambiri zakaunjika zimene timagula kuno zili ndi RAM ya 4GB, ndipo Windows 11 payokha imafuna 4GB yomweyo kuti iyende. Malo a alendo ali kuti pamenepo? Magetsi akathima, batire imene ikanakufikitsani madzulo imatha musanamalize lipoti.

Ena mwa mapulogalamuwa amabwera ndi kompyuta kuchokera kufakitale: antivayirasi yoyeserera ya masiku ochepa monga McAfee kapena Norton, ndi masewera ngati Candy Crush amene ankabwera ndi Windows 10. Si onse ongosowetsa mtendere chabe. Mu 2015 zinadziwika kuti laputopu zina za Lenovo zinkagulitsidwa zili ndi pulogalamu yotchedwa Superfish, imene inkalowetsa malonda m'masamba a intaneti ndiponso kufooketsa chitetezo cha mwini wake. Koma kwathu kuno ambiri amalowera njira ziwiri. Yoyamba ndi anyamata okonza makompyuta, amene akafomata (kufufuta zonse n'kuikanso Windows) amathira zonse zimene zili pa fulashi yawo poganiza kuti akukuchitirani ulemu: mapulogalamu atatu oonerera mafilimu, mabulawuza (otsegulira masamba a intaneti) anayi, antivayirasi ziwiri. Yachiwiri ndi chala chathu chomwe. Poika pulogalamu yaulere timangodina Next, Next, Next osawerenga, pamene pakati pomwepo pali kabokosi kochonga kale kovomereza kuti ina ilowe nawo.

Poyambira ndi apa. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti Task Manager itseguke, mupite pa Startup. Mupeza mndandanda wa zonse zimene zimayaka limodzi ndi kompyuta, ndipo pambali palembedwa High, Medium kapena Low, kusonyeza kuchedwetsa kwake. Chimene simuchifuna m'mawa uliwonse, chisankheni n'kudina Disable. Apa musaope, simunafufute kanthu. Pulogalamuyo ikadalipo, mwangoiuza kuti idikire kuitanidwa. Pa laputopu ya ku Santhe ija tinathimitsa zambiri pamenepa, ndipo kusintha kunaoneka titangoiyatsanso.

Kuzula kwenikweni kuli ku Settings, pa Apps. Sanjani mndandandawo potsata tsiku limene pulogalamu inalowa. Mukaona zinayi kapena zisanu zolowa tsiku limodzi pamene inu mukukumbukira kuti munaika imodzi, zinazo ndi zoloweramo. Zimene ine ndimachotsa mosaganiza kawiri ndi zonse zodzitcha zoyeretsa kapena zofulumizitsa kompyuta, zosintha madalaivala, matulubala (timizere ta mabatani towonjezera) a m'bulawuza ndi antivayirasi yoyeserera imene nthawi yake inatha. Antivayirasi ziwiri m'kompyuta imodzi zili ngati atambala awiri m'khola limodzi, tsiku lonse n'kulimbana okhaokha. Windows 10 ndi 11 zili kale ndi Windows Security yaulere, ndipo imadzuka yokha mukachotsa inayo.

Tsono mverani bwino, chifukwa popalira khasu limadulanso chimanga. Dzina lachilendo si umboni woti pulogalamu ndi yosafunika. Musakhudze zolembedwa Intel, AMD, NVIDIA, Realtek kapena Synaptics. Amenewa ndi madalaivala a zithunzi, mawu, Wi-Fi ndi kabwalo koyendetsera chala kaja. Microsoft Visual C++ Redistributable mudzaipeza kangapo ndi zaka zosiyanasiyana, mwina n'kuganiza kuti yabwerezedwa. Isiyeni, pulogalamu iliyonse imadalira yake. Mphunzitsi wina ku Chamama anasesa zonsezi tsiku limodzi mwachangu chake, mawa lake kompyuta ili duu, yopanda mawu, pulinta osaizindikira. Musanayambe, koperani mafayilo anu pa fulashi, ndipo mulembe "restore point" pofufuzira kuti mupange pobwerera zinthu zikalakwika. Chotsani imodzi kapena ziwiri, yatsaninso kompyuta, muone ngati zonse zili bwino, kenaka pitirizani. Dzina limene mukukayika lifufuzeni kaye pa intaneti.

Bulawuza musaiiwale. Mu Chrome kapena Edge tsegulani Extensions, pamene pali timapulogalamu towonjezera m'bulawuza, muchotse chilichonse chimene simukuchikumbukira. Ngati tsamba loyamba linasintha lokha, wolakwa amakhala ali momwemo.

Za bandulo ndiye zimandipweteka kwambiri, poti ambiri timalumikiza laputopu ku foni. Mu Settings, pa Network & Internet, pali Data usage, pamene pamaonetsa pulogalamu iliyonse ndi zimene yadya m'masiku 30 apitawa. Onanipo, mudzadziwa kumene ndalama yanu ikupita. Kenaka pa Wi-Fi ya foni yanuyo yatsani Metered connection, kuti Windows idziwe kuti intanetiyi ndi yogula ndi mayunitsi, ichepetse zokopera mwakachetechete. Koma kamodzi pamwezi, mukapeza Wi-Fi yabwino kuboma, ilolezeni itenge zokonza zake zachitetezo.

Zikakanika zonsezi, pali Reset this PC, posankha Keep my files. Imachotsa mapulogalamu amene anaikidwa n'kusiya mafayilo anu, choncho konzekerani kuikanso Office ndi zina zimene mumagwiritsa ntchito. Ndipo ndisakunamizeni, kupatulira sikusandutsa hadi disiki yakale kukhala yatsopano. Ngati ikuchedwabe, kuika SSD, chosungira mafayilo chachangu cholowa m'malo mwa hadi disiki, kumathandiza kuposa china chilichonse, pamtengo wochepa poyerekeza ndi kugula laputopu ina. Kumbukiraninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndiye amene muli nayo samalani kwambiri ndi mafulashi oyendayenda.

Kalata ija sitinalembe. Mlembi uja anabwerera ku Santhe ndi laputopu yomweyo m'chitenje chomwecho, nditamuuza kuti ulendo wina akamakapereka kwa wokonza, alembe papepala mapulogalamu amene kalabu ikufuna, amuuze kuti aike okhawo.